Bwato la Che Sadiki ndi Mayina a Kulusumu

Pa Liwonde, pafupi ndi pokwerera maminibasi a ku Ntaja, panali kashopu ka intaneti ka Mayi Dalesi. Munali makompyuta anayi, makina a fotokope, ndi fani imodzi yomwe inkangopukusa mutu osatulutsa mphepo. Mmenemo ndi momwe munkagwira ntchito Kulusumu Sadiki, mwana wa msodzi wa ku nyanja ya Chiuta. Anthu ankamudziwa ndi mpango wake wobiriwira komanso zala zake. Zalazo zinkathamanga pa kompyuta ngati matemba oona mthunzi wa bwato, koma pakamwa pake pankatuluka mawu owerengeka. "Makope angati?" "Dikirani pang'ono." Basi.

Folomu 4 anakhoza bwino, koma ndalama za koleji panalibe. Ndiye anakhala pamenepo zaka zitatu, kutayipa makalata ofunsira ntchito ndi kuthandiza anthu osadziwa kompyuta. Munthu ankabwera, n'kuima kumbuyo kwake, n'kunena zomwe akufuna. Wina mabasi a ku Joni, tsiku lonyamuka ndi mtengo wake. Wina mapepala a mayeso a zaka zapitazo. Mzungu wina wopsa khosi ndi dzuwa, boti lokaonera mvuu pa Shire. Kulusumu ankatayipa osayankhapo kanthu, koma mumtima ankasunga. Anazindikira kuti anthu ndi ambirimbiri, koma zomwe amafufuza ndi zomwezomwezo, ndipo amazifunsa ndi mawu omwewo.

Mlongo wake Mubarak ankagwira ntchito m'shopu yokonza mafoni ku Joni. Tsiku lina anamuimbira akulankhula mothamanga ngati wathawa moto.

"Chemwali, khala pansi. Ukudziwa kuti pa intaneti pali mapuloti?"

"Achimwene, mwayamba kumwa?"

"Astaghafirullah! Tamvera. Tsamba lililonse la pa intaneti lili ndi dzina lake, eti? Dzinalo amachita kugula, kwa chaka chathunthu. Abwana anga kuno amagula mayina, koma samangapo kanthu. Amangowapereka ku kampani ina kuti iwaimike, ngati momwe umaimikira galimoto. Kampaniyo imamatapo zotsatsa malonda. Munthu akatayipa dzinalo n'kugwera pamenepo, n'kudina chotsatsa chimodzi, tindalama tagwa m'thumba mwako. Iwe uli phee!"

"Nanga munthuyo angatayipe bwanji dzina losalidziwa?"

"Apo ndi pomwe pali nzeru. Umagula dzina lopangidwa ndi mawu omwe anthu amafuna kale. Ine khadi la kubanki ndili nalo, koma mutu wa mawu ndilibe. Iwe ndi amene umaona zomwe anthu amatayipa."

Kulusumu anangoti, "Ndamva." Koma tsiku lonselo mtima unkagunda ngati ng'oma ya manganje. Anasankha mayina asanu, onse a mawu a Chingerezi olumikiza: la mabasi a ku Joni, la maboti oonera mvuu, la mapepala a mayeso, la mtengo wa feteleza, ndi la mpunga. Mubarak analipira kumeneko, ndipo Kulusumu anawaimika yekha, atawerenga malamulo onse a kampaniyo kawiri, dikishonale ili pambali.

Sabata yoyamba kunali zii. Yachiwiri zii. Lolemba la sabata yachitatu, atangotsegula shopu, anaona pa tsamba lake la kukampani kuti anthu asanu ndi awiri afika, ndipo awiri adina. Anakuwa! Mayi Dalesi anatuluka kumbuyo ndi tsache m'manja.

"Chavuta n'chiyani? Magetsi akugwira?"

"Iyayi amayi. Adina!"

"Ndani wadina chani?"

"Sindikuwadziwa. Wina ali ku Jeremani!"

Mayi Dalesi anamuyang'ana nthawi yaitali. "Mwana iwe, zaka zitatu sunandipatseko mawu khumi, lero ukukuwira munthu wa ku Jeremani?"

Mayina a feteleza ndi mpunga anafa ngati mbewu yogwera pamwala. La mayeso linkadzuka nyengo ya mayeso yokha. Koma la mabasi ndi la mvuu ankadontha tsiku lililonse, pang'onopang'ono ngati mpopi wosatseka bwino. Vuto linali limodzi. Kampaniyo sinkatumiza kanthu mpaka ndalama zitafika pa mlingo womwe inaika, ndipo inkatumiza kumapeto kwa mwezi kokha. Chaka cha 2015 chimatha, Kulusumu ali pafupi ndi mlingowo, koma asanaufike.

Chaka chimenecho chinayamba ndi madzi osefukira omwe anakokolola minda, n'kutha ndi mvula yothawa. Ku Chiuta madzi anabwerera m'mbuyo kusiya matope ndi mabango, nsomba za makumba zinasowa, ndipo m'nkhokwe munkalira nkhululu. Kulusumu atapita kwawo pa tchuthi cha Chaka Chatsopano anapeza amayi ake akuwiritsa mango osapsa, ana a mchemwali wake atazungulira mphika.

Bambo ake, Che Sadiki, anamutengera kudooko. Bwato lawo la matabwa linali pamenepo, litapakidwa phula mwatsopano. Ndi bwato limenelo lomwe linaphunzitsa Kulusumu mpaka Folomu 4, ndi lomwe linalipirira Mubarak ulendo wa ku Joni.

"Ndalankhula ndi a Blasius a ku Balaka," anatero Che Sadiki akuyang'ana kumadzi. "Amagula mabwato kukagulitsa ku Malombe. Andipatsa matumba a chimanga. Abwera Loweruka loyamba la Febuluwale."

"Baba, madzi akabwerera mudzapha ndi chiyani?"

"Nanga panopa titafune matabwa?"

Kulusumu anatulutsa foni. Anakwera nawo pa chulu chachikulu cha kuseri kwa mzikiti, malo okhawo omwe netiweki inkagwira, ndipo anawaonetsa tsamba la mvuu lija. Anafotokoza mwachibwibwi, akuopa kuti amuseka. Koma Che Sadiki anamvetsera mpaka kumapeto, kenako nkhope yawo inawala.

"Aa! Ndiye ndi mono umenewu! Waona pomwe nsomba zimadutsa, watchera, m'mawa ukungokawonjola."

"Eya Baba, ndi choncho kumene!"

"Ndiye munthu akadina apapa, iwe walandira?"

"Eya. Ndatsala pang'ono kufika pa mlingo. Mwezi uno ukamatha, Insha Allah, anditumizira. Musagulitse bwato."

"Mwana wanga ali ndi mono ku Ulaya," anatero Che Sadiki, akuseka koyamba m'masiku ambiri. "Tandilembera dzinalo papepala, ndikawaonetse a shehe."

Kulusumu analemba. Anabwerera ku Liwonde mtima uli m'malo.

Patatha sabata ndi theka, zodabwitsa zinayamba. Dzina la mvuu, lomwe linkaona anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi patsiku, linaona makumi atatu. Mawa lake makumi asanu. Ndipo onse ankadina, ena kangapo! Mlingo uja anaudumpha ngati mwana wodumpha ngalande. Kulusumu anagulira Mayi Dalesi Fanta ndi mandasi awiri, anaseka ndi kondakitala yemwe sankamuyankha n'komwe moni, ndipo Mubarak anatumiza kavidiyo akuvina m'shopu ya abwana ake.

"Chemwali, talemera! Gula mayina ena makumi awiri!"

Koma maso a Kulusumu anali ozolowera kuyang'anitsitsa. Lachisanu masana, makasitomala atachepa, anatsegula pomwe pamaonetsa komwe anthu akuchokera. Ofuna mvuu nthawi zonse ankachokera ku Ulaya kapena ku Amereka. Awa onse anali a ku Malawi konkuno, onse pa mafoni. Anayang'ana nthawi. Tsiku lililonse ankayamba itangokwana wani koloko. Lachisanu limenelo ndiye anachulukitsitsa, ndipo anayamba nthawi yomwe anthu amatuluka mu mzikiti ku swala ya Ijumaa.

Anakumbukira lamulo lomwe anawerenga kawiri: mwini dzina asadine yekha, ndipo asatume anthu kudina. Wopezeka akutero amutsekera, ndipo zonse zomwe wapeza zimapita.

Loweruka m'mawa anakwera minibasi yoyamba, kenako njinga yamoto ya kabaza m'fumbi lokhalokha. Anafika dzuwa litapendeka pang'ono. Asanafike n'komwe pakhomo anamva nyimbo, nyimbo yomwe amaimba pokoka khoka, ikuchokera kuseri kwa mzikiti.

Pa chulu paja panali anthu ngati pamsika. Aphunzitsi awiri a ku pulayimale, azakhali ake a Sharifa, anyamata ogulitsa matemba, ndi Che Umar, mnzawo wa bambo ake wa m'bwato, atanyamula foni yosweka galasi yomangidwa ndi mphira. Omwe analibe foni ankaombera m'manja podikira kubwereka. Pamwamba penipeni panaima Che Sadiki, pepala lija lili m'manja, akutsogolera nyimbo.

"Kokani! Kokani! Che Umar, mwagona kodi?"

"Ndikudina, bwana! Chalachi chatupa. Mvuu zimenezi ndazidina mpaka zikundidziwa!"

A Sharifa ndi omwe anayamba kumuona. "Mwini khoka wafika! Lululu!"

Anthu anamuzungulira, kumugwira manja, kumudalitsa. Ku Chiuta mwambo ndi wodziwika. Khoka likamatuluka, aliyense wodutsa amagwira chingwe n'kukoka nawo osachita kuitanidwa, ndipo aliyense wogwira chingwe amapita ndi za ndiwo. Che Sadiki atanena ku mzikiti kuti mwana wawo watsala pang'ono kufikitsa nsomba kumtunda, panalibe yemwe akanakhala manja lende. Ena, monga a Sharifa, anagulitsa nkhuku kuti agule mayunitsi.

Kulusumu anayang'ana pamwamba pa chulu. Akanafuula bwanji kuti siyani, pamaso pa anthu, bambo ake ali pamwamba pa chulu chifuwa chili patsogolo? Anakwera pang'onopang'ono, anagwada, n'kunena motsitsa mawu: "Baba, ndili ndi mawu. Kuseri."

Anapita pansi pa mtengo wa mango.

"Waona, mwanangu? Mudzi wonse uli pachingwe."

"Ndaona, Baba. Mulungu awadalitse." Kenako anapitiriza: "Koma Baba, munanena nokha kuti ndi mono. Mono amaukoka?"

Che Sadiki anapukusa mutu.

"Amautchera n'kuchokapo. Mukasonkhana pa mono anthu makumi asanu kumapondaponda m'madzi, mupha chiyani? Otsatsa aja amalipira chifukwa akuganiza kuti wodinayo akufunadi kukwera boti. Che Umar akufuna kukaona mvuu?"

"Umar mvuu inamugubuduzira bwato. Akaiona amathawa."

"Ndiye kampaniyo iona kuti tikuwabera. Anditsekera, ndipo ngakhale zomwe ndinapeza bwinobwino zija sandipatsa."

Che Sadiki anavula kofiya, n'kuipinda m'manja. "Ndiye ndang'amba mono wa mwana wanga ndi manja angawa?"

"Ndine ndinalakwa, Baba. Ndinakuuzani zokoma zokha, malamulo sindinakuuzeni."

Mkuluyo anavala kofiya n'kubwerera ku chulu. Sanalole kuti mwana wake alankhule.

"Abale, siyani chingwe! Khoka lakodwa pa chitsa. Tikakoka kwambiri ling'ambika. Ndine ndinaponya molakwika."

"Ndiye chala changachi chatupira chabe?" anafuula Che Umar, ndipo anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kopanda mphamvu. Anabalalika mmodzimmodzi, mafoni ali m'matumba.

Lolemba Kulusumu anauza Mubarak kuti alembera kampaniyo.

"Wapenga? Khala chete! Mwina sanaone."

"Ine wa Folomu 4 ndinaona. Iwo ndi makompyuta awo alephere?"

"Chemwali, ukudzipereka wekha kupolisi."

"Bola ndipite ndekha kusiyana n'kudzanditenga."

Analemba imeloyo ndi Chingerezi cha kusukulu, n'kuifufuta, n'kuyambiranso, mpaka kasanu. Anatchula tsiku lomwe kudinako kunayamba ndi tsiku lomwe kunasiya. Anafotokoza za chulu, za khoka, ndi kuti kwawo munthu sadutsa pomwe anzake akukoka. Anapempha kuti achotse zonse za masiku amenewo, amusiyire zoona zokhazokha. Atatumiza anathamangira kuseri kukasamba kumaso.

Lachiwiri zii. Lachitatu zii. Ankatsegula imelo pakati pa kasitomala ndi kasitomala, ndipo kalata ya munthu wina wofunsira ntchito ya ulonda anaitayipa kawiri osazindikira. Lachisanu m'mawa yankho linabwera. Analiwerenga ataimirira.

Kampaniyo inati inali itaona kale, ndipo inali itatsala pang'ono kumutsekera. Dzina la mvuu inalichotsa, silidzaimikidwanso kwa iwo. Zonse za masiku aja inafufuta. Koma poti wanena yekha, mayina enawo apitirire, ndipo zotsalazo alandira mwezi ukatha ngati zafika pa mlingo.

Anatsegula tsamba lija. Zinali zitafika! Zinadutsa pang'ono chabe, koma zinadutsa. Lomwe linamukankha linali dzina la mabasi, lomwe sanaliyang'ane n'komwe masiku onsewo. Januwale ameneyo anyamata ambiri ankafufuza njira ya ku Joni kuthawa njala, ndipo Kulusumu atazindikira zimenezo chimwemwe chake chinadukiza kaye. Anawaganizira, ena a iwo anawatayipira yekha. Kenako anakumbukira bwato, n'kukumbatira Mayi Dalesi mpaka magalasi awo anagwa.

Mwezi utatha, ndalama zinafika kwa Mubarak Lachitatu, ndipo iye anazitumiza tsiku lomwelo. Lachinayi Kulusumu anapempha tchuthi n'kukwera minibasi ya ku Balaka. Pa msika anafunsa za a Blasius, ndipo anamulozera bambo wamimba atakhala pa sikelo, kumbuyo kwake matumba ataunjikana mpaka kudenga. Mtsikana yemwe ankaopa kufunsa chenji kwa kondakitala anaima patsogolo pawo.

"Mwaswera bwanji, bambo? Ndine mwana wa Che Sadiki a ku Chiuta."

"Oo, a bwato aja! Auzeni lole ndapeza kale. Matumba awo ndi awo ali pakonawo."

"Ndabwera kudzatenga matumbawo. Koma bwato musapite kukatenga. Ndilipira ndalama."

A Blasius anatsika pa sikelo. "Chimanga cha chaka chino mukuchidziwa mtengo wake, chemwali? Mwakwatiwa ndi wa ku Joni?"

"Iyayi. Ndimagwira ntchito."

"Ntchito yanji?"

"Ndimaimika mayina."

"Mayina a ndani?"

"A mabasi."

A Blasius anayang'ana mavenda anzawo, anzawo anayang'ana a Blasius. "Ine ndagulitsapo chilichonse m'dziko muno, ngakhale matayala akutha, koma izi ndiye zachilendo. Bwato lija ndi labwino, ndinalikonda. Mwandilanda nyama pakamwa, mwana inu." Anapukusa mutu akuseka. "Tengani. Koma njala ikapitirira, nambala yanga abambo anu ali nayo."

"Aifufuta," anatero Kulusumu, ndipo anadabwa yekha kuti mawuwo atuluka pakamwa pake. Mavenda anaseka mpaka wina anakhala pansi.

Matumba asanu anakwera pa lole ya amalonda a nsomba yopita ku Chiuta, Kulusumu atakhala pamwamba pake, mpango ukuuluka. Anafika Lachisanu dzuwa likadali m'mwamba. Ana anathamangira loleyo kuchokera kumsewu, amayi ake anagwada pafumbi akunena Alhamdulillah mosalekeza, ndipo Che Sadiki anagwira thumba lililonse ndi dzanja ngati akupereka moni.

Kenako anakoka thumba limodzi kuliika pakati pa bwalo, n'kuitanitsa mbale.

"Baba, mukutani?"

"Za ndiwo. Kaitaneni onse anali pa chulu."

"Koma Baba, zomwe anadina zija anafufuta zonse. Sizinabweretse ngakhale njere imodzi. Zinatsala pang'ono kutiphetsa!"

"Anagwira chingwe kapena sanagwire?"

Kulusumu anayang'ana thumbalo, masabata awiri a chakudya cha pakhomo. Anayang'ana a Sharifa omwe ankabwera kale ndi kabeseni, opanda nkhuku yawo ija. Anatenga mpeni n'kumasula thumbalo yekha.

Che Umar anafika pomaliza, atakweza chala m'mwamba ngati mwana wa sukulu. "Ine mbale ziwiri. Imodzi yanga, ina ya chalachi."

"Imodzi," anatero Che Sadiki. "Ndipo mawa m'mawa ubwere, tikakankhire bwato komwe kwatsala madzi. Lakhalitsa pamatope, matabwa ayamba kulekana."